Dzino la mwana lavunda mpaka pamtsempha: lizulidwe kapena lisungidwe?

Mwana akadzuka pakati pa usiku akulira dzino, dzanja lili patsaya, ambirife timathamangira botolo la panado n'kudikira kuti kuche. Kukacha agogo amati, "Musiyeni, ndi laubwana limenelo, liguluka lokha." Nthawi zina agogo amalondola. Koma mano akumbuyo otafunira saguluka msanga ngati akutsogolo aja. Amachoka mwana ali pakati pa zaka 9 ndi 12. Ndiye ngati wa zaka 5 lamuvundira dzino lotere, latsala ndi zaka zinayi kapena kuposerapo zoti litafune nsima. Simungamusunge pa panado nthawi yonseyo.

Kuvunda kukafika pamtsempha, kumata pamwamba pokha sikuthandizanso. Pamatsala njira ziwiri: kulizula, kapena kuchotsa mtsempha wodwalawo dzino n'kukhala pamalo pake, zomwe madokotala amati root canal. Kuti musankhe bwino, tsatani izi kuyambira kunyumba.

Choyamba, dziwani dzino lomwe lavuta

Sambani m'manja, mukhazike mwana poyera, muyatse tochi ya pafoni. Yambirani pakati penipeni pa mano akutsogolo n'kumawerenga cha kumbuyo mbali imodzi. Loyamba ndi lachiwiri ndi olumira, lachitatu ndi losongoka lija, lachinayi ndi lachisanu ndi otafunira. Ngati pali pomwe linaguluka, werengani mpatawo ngati dzino. Mano aubwana amathera pomwepo, 5 mbali iliyonse kumwamba ndi kumunsi, onse pamodzi 20.

Mukapeza la nambala 6 kumbuyo kwa amenewa, limenelo si laubwana ayi. Limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, mwakachetechete, popanda lina kuguluka, ndipo n'chifukwa chake makolo ambiri salizindikira. Ndi dzino la moyo wonse. Likazulidwa palibe lina lidzamere pamalopo. Mwana wa giredi 2 kapena 3 akamadandaula dzino lakumapeto kwenikweni, werengani kawiri musanavomereze zoti "liguluka lokha".

Kenako yang'anani usinini pafupi ndi dzinolo. Kachotupa kooneka ngati kachiphuphu, kamene kamaphulika n'kutulutsa mafinya kenako n'kubwereranso, ndi chizindikiro choti mtsempha unafa kale ndipo matenda afika kumizu. Dzino logwedera nthawi yake isanakwane, fungo loipa m'kamwa, kapena dzino lakutsogolo lomwe lada mwana atagwa miyezi ingapo yapitayo, zonsezi muzisunge m'mutu kuti mukanene.

Mufunsenso za ululuwo, mofatsa. Ngati limangonyung'unya akamayamwa firiziti kapena kumwa tiyi wa shuga, kenako n'kuleka, mwina mtsempha ukadali bwino. Ngati limayamba lokha osadya kanthu, makamaka usiku akagona, mtsempha watupa. Ndipo chenjerani ndi dzino lomwe linamuliza sabata yathunthu kenako n'kungoti zii. Nthawi zambiri si kuti lachira. Mtsempha wafa, ndipo mafinya akusonkhana kunsi.

Ngati nkhope yatupa, musadikire kuche

Tsaya likatupa mpaka diso kuyamba kutsinzinika, kapena kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano, thupi latentha, mwana akulephera kuyasamula, kumeza malovu kapena akupuma movutikira, zafika pa mwana wakana phala. Matenda achoka m'dzino ndipo akuyenda. Pezani galimoto usiku womwewo mupite ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi. A ku Harare pitani ku chipatala cha Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, kuja ambiri amangoti ku Gomo. A ku Chitungwiza muli ndi Chitungwiza Central Hospital pafupi. Apa nkhani ya kusunga dzino imayamba yaima kaye.

Podikira tsiku loonana ndi dokotala

Panado wa ana amathandiza, koma muyezo wake umatengera kulemera kwa mwana: mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, osapitirira kanayi pa maola 24. Wa makilogalamu 20 ndiye kuti mamiligalamu 300 pa nthawi imodzi. Mabotolo amasiyana mphamvu, choncho muuzeni wa kufamase kulemera kwa mwanayo akuwerengereni mamililita ake. Asipirini ayi, mwana wosafika zaka 16 asamwe, ndipo musaike piritsi lake pa usinini chifukwa limawotcha mnofu. Fodya wopera, kachasu, madzi a mubatire ndi zina zomwe anthu amalangizana m'makomboni zimangowonjezera chilonda pamwamba pa dzino lodwala. Ngati mwana amatha kulavula, madzi ofunda a mchere pang'ono ndi okwanira. Patsaya lotupa ikani kansalu kozizira, kotentha ayi.

Za makapisozi ndiime pang'ono, chifukwa apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. Amoxicillin amayenda ndi magazi. M'kati mwa dzino lomwe mtsempha wake wafa simufikanso magazi, ndiye mankhwalawo sangalowemo kukapha tizilombo. Amachepetsa kutupa kwa kunja, kholo n'kupumira m'mwamba, koma pakapita masabata angapo kachotupa kaja kabwereranso. Dokotala amalemba makapisozi ngati matenda ayamba kufalikira, ndipo ngakhale pamenepo dzinolo liyenerabe kutsegulidwa kapena kuzulidwa. Makapisozi ogulidwa kwa ogulitsa m'misewu, osadziwika muyezo kapena tsiku lothera mphamvu, asakhudze n'komwe mwana.

Kumukonzekeretsa mwana, ndi zokanena

Ngati mulibe medical aid, yambirani ku kiliniki ya khansolo ya kwanuko, kaya ndi ku Mabvuku, Mufakose kapena Mbare, mufunse komwe amatumiza ana a vuto la mano ndipo akupatseni kalata. Ngati mukupita kwa dokotala wapulaiveti, imbani foni kaye mufunse ngati amathandiza ana a msinkhu wa wanuyo komanso ngati amaika tizipewa tachitsulo tovala dzino lonse pa mano aubwana, musanawononge ya kombi. Dokotala wa mano aliyense m'dziko muno amayenera kukhala m'kaundula wa Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, ndipo kufunsa za satifiketi yake si chipongwe.

Pemphani nthawi ya m'mawa, mwana asanatope. Adye pang'ono asananyamuke, pokhapokha ngati anakuuzani kuti akamugoneka tulo. Ndipo chonde, ija timakonda yoti "ukapanda kumvera ndikakubayitsa jakisoni" muisiye sabata imeneyo, muwauzenso azakhali ndi achimwene ake aisiye. Musamunamizenso kuti sakamva kalikonse, chifukwa akangomva kutsina koyamba sadzakukhulupiriraninso. Zokwanira n'zakuti, "Mwanangu, adokotala akaligoneka tulo dzinolo, akalitsuka, ine ndikakhala pompo." Ana athu ambiri obadwira kuno ku Zimbabwe amamasuka m'Chishona kuposa m'Chichewa, choncho musiyeni ayankhule yekha ndi dokotala m'chilankhulo chomwe wachizolowera.

Tengani khadi lake la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe amamwa. Nenani poyera ngati ali ndi vuto la mtima, kaya lobadwa nalo kapena lija limabwera pambuyo pa zilonda za pakhosi, ngati ali ndi sickle cell, mphumu, shuga, amamwa ma ARV, amachedwa kuleka kutuluka magazi akadzicheka, kapena anatupapo atamwa mankhwala ena. Zimenezi zimasintha chiganizo chonse. Mwachitsanzo, kwa mwana wa vuto lalikulu la mtima kapena wa chitetezo chofooka kwambiri, madokotala kawirikawiri amasankha kuzula kusiyana ndi kusunga dzino lomwe lingabisemo tizilombo.

Chithunzi cha X-ray ndi chiganizo chachikulu

Dokotala akati ajambule dzinolo, musaone ngati akufuna kungowonjezera bilu. Chikopa cholimba cha dzino laubwana ndi chopyapyala, pomwe chipinda cha mtsempha m'kati mwake ndi chachikulu, ndiye kuvunda sikuchedwa kufika. Zimakhala ngati chimanga cholowa anankafumbwe: kunja kabowo kakang'ono, m'kati ufa wokhawokha. Chithunzicho chimaonetsa kuya kwa bowo, utali wa mizu yomwe yatsala, ngati fupa la pakati pa mizu ladyeka, komanso dzino lachikulire lomwe likukula kunsi kwake. Pemphani akulozereni zonsezi pachithunzipo.

Akaona, adzatchula chimodzi mwa zitatu.

Pulpotomy ndi pamene mbali ya pamwamba yokha ya mtsempha ndiyo yadwala. Amachotsa imeneyo, ya m'mizu n'kuisiya yamoyo, n'kuikapo mankhwala oiteteza. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito otchedwa MTA, ena ferric sulphate kapena akalekale aja a formocresol. Nthawi zambiri zimatha ulendo umodzi.

Pulpectomy ndiye root canal yeniyeni ya dzino laubwana. Mtsempha wonse wadwala kapena wafa, ndiye amauchotsa mpaka kumapeto kwa mizu, kutsuka tinjira ta m'mizumo, n'kudzazamo phala la mankhwala. Phala limeneli limakhala la mtundu wosungunuka, monga la zinc oxide kapena la calcium hydroxide, chifukwa mizu ya dzino laubwana imasungunuka yokha pamene lachikulire likukankha kuchokera kunsi, ndipo chodzazacho chiyenera kusungunukira limodzi nayo. Timitengo ta gutta-percha tomwe amaika m'mano a akuluakulu sitisungunuka, n'chifukwa chake satiika m'dzino laubwana. Ngati munali mafinya ambiri, angakuuzeni mubwere kawiri.

Chachitatu ndi kuzula. Ine sindiona kuzula ngati kugonja. Ngati dzino laphwanyika moti palibe pogwira kachipewa, mizu yatha kale, mafinya afika pafupi ndi dzino la kunsi, kapena mwana ali ndi zaka 10 ndipo dzinolo latsala pang'ono kuguluka, kulipira root canal n'kutaya ndalama. Koma wa zaka 4, 5 kapena 6 nkhani yake ndi ina. Dzino laubwana limasungira malo lachikulire. Mukazula lachisanu lija msanga, la nambala 6 limasendera kutsogolo n'kutseka mpatawo, ndipo loyenera kumera pamenepo limadzatulukira pambali kapena kukanirira m'fupa. Mawaya owongola mano pa zaka 13 ndi okwera mtengo kuposa zonse tikukambazi. Choncho ngati kuzula n'kosapeweka, funsani za kachitsulo kosunga mpata kotchedwa space maintainer, ngati mwanayo akufunika kapena ayi.

Pali mantha omwe ndimawamva kawirikawiri kwa amayi anzathu kutchalitchi ndi kumaliro: akuti ukapha mtsempha wa dzino laubwana, lachikulire lidzamera lakufa. Si zoona. Dzino lililonse lili ndi mtsempha wakewake. Chomwe chimawononga la kunsi ndi mafinya okhalitsa pamwamba pake, moti limatha kudzamera ndi banga lachikasu kapena lokumbika.

Ngati lovutalo ndi la nambala 6, kapena lachikulire lakutsogolo lomwe lathyoka posewera mpira, zimasinthanso. Muzu wa dzino lachikulire umamaliza kukula patapita zaka pafupifupi 3 litamera. Mwana wa zaka 7 kapena 8 muzu wake ukadali wotseguka kunsonga, ndiye dokotala amayesetsa kusunga mbali ya mtsempha yamoyo kuti muzuwo umalize kukula. Ngati wafa kale, amayamba watseka kunsongako ndi mankhwala asanadzaze. Maulendo amachuluka, ndipo akakutumizani kwa katswiri musadabwe.

Musanavomere, funsani momveka: "Adokotala, dzinoli latsala ndi zaka zingati kuti liguluke? Mukalisunga, mwayi woti likhalitsa ndi wotani? Tikalizula, mpatawo titani nawo?" Mayankho a mafunso atatuwa ndiwo akuuzeni kolowera.

Za ndalama

Kusunga dzino kumadula kuposa kuzula, palibe chobisa. Pemphani mtengo wonse wolembedwa papepala: kujambula, ntchito ya mtsempha, kachipewa, ndi ulendo wobwereza. Ena amatchula wa root canal yokha, kachipewa n'kudzatulukira pambuyo m'thumba mutauma kale. A CIMAS, PSMAS kapena medical aid ina, funsani ku sosaite yanu zomwe amalipira pa mano a ana ndi shortfall yomwe itsalire inu, ntchito isanayambe. Funsaninso ngati amalandira madola, ZiG kapena EcoCash. Ngati ndalama sizikwana lero, nenani. Dokotala atha kutsegula dzino, kutulutsa mafinya n'kumata mongoyembekezera, koma chomata chimenecho n'cha masabata ochepa chabe, osati cha chaka.

Pampando

Amayamba kupaka mankhwala a dzanzi pa usinini, kenako jakisoni. Apa m'pomwe ana ambiri amalira, ndipo n'zachidule. Dzanzi likagwira, ambiri amaphimba m'kamwa ndi kansalu ka labala kosiya dzino lokhalo poyera, kuti malovu asalowe m'dzino komanso tizitsulo tisagwere kukhosi. Kenako kuboola, kuchotsa zovunda, kuchotsa mtsempha, mankhwala, n'kutseka. Dzino limodzi nthawi zambiri silifika ola.

Ntchito yanu ndi kukhala chete pomwe mwana akukuonani, kumugwira mwendo kapena dzanja. Musamalankhule pamwamba pa dokotala, ndipo nkhope yanu isamachite tsinya chida chikalira, chifukwa mwana amawerenga nkhope ya mayi ake. Gwirizanani kuti akamva kuwawa akweze dzanja. Akakweza, dokotala aime ndithu n'kuwonjezera dzanzi.

Pomaliza pamabwera kachipewa kachitsulo chosachita dzimbiri, kovala dzino lonse. Makolo ena amakakana poti kakuoneka. Koma dzino lochotsedwa mtsempha limakhala litakumbidwa kwambiri, ndipo chomata wamba chikang'aluka tizilombo timalowanso, ntchito yonse n'kupita pachabe. Pa mano akumbuyo kachitsuloka ndi kodalirika kwambiri. Toyera tiliko, koma timadula.

Mwana wamng'ono kwambiri, wamantha osatheka, kapena wa mano ambiri ovunda, angafunike kumugoneka tulo kuchipatala kuti zonse zithe tsiku limodzi. Akatero amakuuzani maola osadya, nthawi zambiri 6 pa chakudya. Musamupatse kaphala mobisa pomumvera chisoni. Akasanza ali m'tulo, masanziwo amatha kulowa m'mapapo.

Mukafika kunyumba

Maola awiri kapena atatu oyamba, diso likhale pamlomo. Ukadali wadzanzi, ndipo ana amautafuna kapena kuufinya poona kuti ukumveka zachilendo. Mawa lake mumangoona mlomo watupa ndi chilonda choyera, n'kuyamba kuganiza kuti jakisoni wamuwononga, chonsecho anadziluma yekha. Chimapola chokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Asadye mpaka dzanzi litatha, kenako zofewa: phala lozizirako, nthochi, dzira, nsima yofewa ndi msuzi. Maputi ndi chimanga chootcha zidikire masiku angapo. Chingamu ndi maswiti omata aja amatha kuzula kachipewa, ndiye amenewo aiwale.

Kuwawa pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa, panado amakwana. Angadandaule kuti kachipewa katalika akaluma, koma pakapita masiku ochepa amazolowera. Tsukani pamenepo kuyambira usiku womwewo, mofatsa, ngakhale usinini utatuluka magazi pang'ono. Kachipewa kakavuka, kasungeni m'kapepala mubwerere nako msanga.

Bwererani mwachangu ngati ululu ukukula pakadutsa masiku atatu, tsaya latupa, thupi latentha, kapena kachiphuphu kaja katulukanso, ngakhale patapita miyezi. Si dzino lililonse lomwe limapulumuka, ndipo lina limadzazulidwabe. Popeza lochotsedwa mtsempha silimva kuwawa ngati kale, limatha kulephera mwakachetechete, n'chifukwa chake ulendo wokaonetsanso dzinolo pakatha miyezi 6 musaudumphe ngakhale mwana akusewera bwinobwino. Zikayenda bwino, nthawi yake ikakwana limagwedera n'kuguluka limodzi ndi kachipewa kake.

Kuti lina lisatsatire

Lipoti la World Health Organization (WHO) la 2022 linati ana pafupifupi 514 miliyoni padziko lonse ali ndi mano aubwana ovunda, ndiye wanuyo sali yekha, ndipo gwero lake ndi lomwelo kulikonse: shuga wobwerabwera m'kamwa. Chomwe chimawononga kwambiri ndi kangati patsiku, kuposa kuchuluka kwake. Botolo la Mazoe lomwe mwana amapsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, firiziti ya pageti la sukulu, bisiketi ya m'kombi, tiyi wa masupuni atatu, maheu otsekemera pogona: nthawi iliyonse tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shugayo asidi, ndipo dzino silipeza mpata wopuma. Zotsekemera zibwere pa nthawi ya chakudya, pakati pake madzi. Wakhanda asagone ndi botolo la tiyi kapena juwisi kukamwa.

Pogula mankhwala otsukira mano, tembenuzani chubu muwerenge: pakhale fluoride, mankhwala olimbitsa mano, wosachepera 1000 ppm. Wosafika zaka 3 mupakireni kochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa yaing'ono. Kawiri patsiku, ndipo ya usiku ndiyo yosadumpha. Akatsuka alavule basi, asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Mpaka zaka 7 kapena 8, mswachi muzigwira ndinu kapena muzibwereza pomwe wadutsa, makamaka kumbuyo komwe kuli la nambala 6.

Pa ulendo wobwereza uja, tengani ndi abale ake, poti amadya za m'mbale imodzi. Funsani ngati timizere ta pamwamba pa mano a nambala 6 tingamatidwe tisanayambe kuvunda. Ngati wamng'ono ali ndi timabowo tomwe sitinafike pamtsempha, funsaninso za silver diamine fluoride, mankhwala ongopaka osaboola, omwe WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Amaimitsa kuvunda, koma malo ovundawo amada bii osabwereranso, choncho pa mano akutsogolo kambiranani kaye ndi bambo ake kapena mayi ake musanavomere.